Khonde la Agogo Labadwanso

Mukanafika pakhomo pa agogo anga ku Bvumbwe chaka chatha, mukanalambalala khonde n'kukakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, monga ankachitira alendo onse. Nyumbayo ndi yolimba, ya njerwa zootcha ndi malata, ndipo agogo aamuna anaimanga mu 1964 ndi ndalama za ukapitawo kuminda ya tiyi ya ku Thyolo. Koma khonde lake linali litasanduka mosungira chilichonse chimene munthu akuchita nacho chisoni kutaya: matumba a feteleza opanda kanthu, njinga yopanda matayala, makasu othyoka mipini, sefa wong'ambika. Khoma limene kale linali mbee ndi njeresa linali litamera ndere m'munsi chifukwa cha chiperoni, m'mwamba muli bii ndi utsi wa mbaula. Nkhuku zinkaikira pampando wandalema wa agogo aamuna, ndipo panalibe woziingitsa.

Kenako kunagwa nkhani yokoma: mng'ono wanga wapeza banja. Ife ana a m'tauni tinayamba kufunsa mitengo ya maholo ku Limbe, koma agogo anatidula pakamwa. "Ine ndikadapuma, unkhoswe wa mdzukulu wanga ukamangidwire m'nyumba ya lendi? Akuchimuna abwere pano, adzaone pamene mwanayu anakulira." Panalibe woyankha. Tonse tinacheukira kukhonde kuja, kukamwa yasa.

Nzeru inachokera pa foni ya mwini chinkhoswe. Anali atasunga zithunzi za kakongoletsedwe ka nyumba kamene ku America amati farmhouse: makoma oyera, mipando yamatabwa, ndi zikwangwani zooneka zachikale zolengeza mazira, mkaka kapena buledi. Kakongoletsedweka kanatchuka kwambiri ndi pulogalamu ya Fixer Upper, imene inkaonetsedwa pa kanema wa HGTV kuyambira 2013 mpaka 2018. Mmenemo Chip ndi Joanna Gaines a ku Waco, m'chigawo cha Texas, ankatenga nyumba zakutha n'kuzibwezera mwakale, ndipo mu 2015 anatsegula msika wawo wa Magnolia Market pambali pa nkhokwe ziwiri zachitsulo zimene kale zinkasunga njere za thonje. Zambiri mwa zikwangwani zimene anthu amagula potsata fashoniyi n'zatsopano, zopangidwa m'mafakitale n'kuzikalambitsa dala, ndipo zimakapachikidwa m'nyumba za m'mizinda momwe tambala sanalirepo.

Chimene anthuwo akusaka n'chomveka: akufuna moyo wa azigogo awo, amene ankakhoma thabwa m'mbali mwa msewu kuti wodutsa adziwe kuti pano pali mazira. Ndiye ndinadzifunsa kuti nanga ifeyo tikusowa chiyani? Matabwa akale tili nawo. Nkhuku zilipo, ng'ombe ilipo. Ndipo gogo amene ankagulitsa zinthuzo ali moyo, akhoza kutiuza yekha zoti tilembe. Titawafotokozera, anavomera, koma anaika lamulo limodzi. "Lembani, ana inu. Koma thabwa lisanene bodza pakhomo panga." Lamulo limeneli ndilo linatsogolera ntchito yonse, ndipo ndikukhulupirira kuti ndilo linakongoletsa khondelo kuposa penti.

Matabwawo tinawapeza kuseri kwa khola, ataunjikidwa bwinobwino. "Zimenezo ndi nkhuni zophikira pa chinkhoswe, mphwanga," anatero malume. Ndinawagwira mwendo mpaka analola kuti ndisankhe. Panali chitseko cha khola la ana a ng'ombe, panali thabwa la pazenera la khitchini yakale, panalinso lina lalifupi lotuwa. Nditalipala ndi mpeni, linatulutsa fungo limene malume anazindikira nthawi yomweyo. Unali mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umene chiswe sichiudya ndipo lero watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Malume analitembenuza, analinunkhiza, n'kupukusa mutu. "Limeneli likanapsa pansi pa mphika wa nyemba!" Kuchokera pamenepo anasanduka mlonda wa matabwa.

Tinazula misomali ndi kuiika pambali, chifukwa nayonso inali ndi ntchito. Tinatsuka matabwa ndi sopo ndi burashi yochapira n'kuwayanika. Amene anali ofumbwa tinawakulunga m'pulasitiki wakuda n'kuwasiya padzuwa la mwezi wa Seputembala kuti kutentha kuphe tizilombo tili m'katimo. Timabowo ta kufumbwa sitinatseke, chifukwa anthu ogula zikwangwani zatsopano amachita kuboola okha kuti zioneke chomwecho. Chitseko cha kholalo chinali ndi penti wakale wa mafuta, ndipo apa tinasamala. Penti wotero akhoza kukhala ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa ana, ndipo kafukufuku wa bungwe la Lead Exposure Elimination Project anapeza mtovu wochuluka m'mapenti ena a mafuta ogulitsidwa m'dziko muno. Choncho sitinachikwechese chouma. Tinachinyowetsa, tinachipala panja ana ali kutali, ndipo zopalidwazo tinazimanga m'jumbo.

Thabwa lalitali loti likakhale pamwamba pa chitseko cha nyumba silinapezeke pamuluwo, ndiye tinagula paini watsopano kwa kalipentala, woyera mbee, wonunkhira utomoni. Pambali pa anzake akale ankachititsa manyazi. Mankhwala ake anapezeka m'khitchini. Tinatenga kachidutswa ka sitiliwaya wofewa, uja amachita dzimbiri akagona m'madzi, tinamutsuka ndi sopo kuti mafuta achoke, n'kumuponya m'botolo lagalasi pamodzi ndi misomali yadzimbiri ija. Tinathiramo viniga, ndipo chivindikiro sitinamange, pakuti chitsulo chikamasungunuka mumatuluka mpweya. Kuona maso a nkhono n'kudekha: botololo limafuna tsiku limodzi kapena atatu. Kenako tinaphika tiyi wamasamba wakuda kolapitsa, wopanda shuga, tinapaka thabwa lonse n'kulisiya liume.

Nthawi yopaka madzi a m'botolo itakwana, ana onse a pamudzi anatizinga. Burashi inadutsa koyamba, thabwa linangooneka lonyowa. Wina anayamba kuseka. Tisanamalize mbali inayo, kumene tinayambira kuja kunayamba kuthimbirira, kenako kutuwa, mizere ya mtengo n'kutulukira yakuda, mfundo zake n'kuchita bii. Thabwa lochekedwa dzana linakalamba ife tikuona! Ana anabalalika akukuwa kuti azakhali ali ndi matsenga. Si matsenga ayi. Mu tiyi muli tanini, ndipo akakumana ndi chitsulo chosungunuka mu viniga amada. Paini ali ndi tanini wochepa, n'chifukwa chake amayamba wamwa tiyi. Bulugamu ali naye wambiri ndipo amada ngakhale popanda tiyi. Mukafuna kuyesa, yambani ndi kachidutswa kapadera, chifukwa mtengo uliwonse umatenga mtundu wakewake.

Penti sitinagule. M'masitolo akunja muli wapadera wa ntchito imeneyi, monga Chalk Paint amene Annie Sloan wa ku England anayamba kupanga mu 1990, koma mtengo wake si wa pamudzi. Alimi akale a ku America, amene zikwangwani zawo anthu akutsanzira lero, ankapanga okha: mkaka, laimu ndi dzimbiri lofiira, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene nkhokwe ndi makola awo ambiri anali ofiira. Zitatu zonsezi ku Bvumbwe sizisowa. Malume anatipatsa mkaka umene unasasa usanafike kokagulitsa. Tinayengula mafuta a pamwamba, chifukwa mafuta amalepheretsa penti kugwira. Amene ali ndi mkaka wabwino athire theka la kapu ya viniga pa lita imodzi n'kuusiya ugone pamalo ofunda; m'mawa aupeza utalekana, zibuluma kwake, madzi kwake. Tinasefa pa kansalu koyera, tinatsukuluza zibulumazo ndi madzi, n'kusakaniza ndi masupuni aakulu atatu a laimu wa njeresa amene tinayamba tamusungunula m'madzi pang'ono. Laimu amawotcha khungu ndi maso, ndiye manja tinavala majumbo ndipo tinkatakasa nkhope ili patali.

Potakasa, zibuluma zija zinasungunuka n'kukhala zosalala ngati phala la mwana. Puloteni ya mumkaka yotchedwa casein ikakumana ndi laimu imasanduka guluu wogwira zolimba pamtengo, ndipo ndiyo imamanga utoto. Mbale yoyamba tinaisiya yoyera. Yachiwiri tinathiramo katondo wa kumunda, wouma, wosinja ndi wosefa pa nsalu mpaka kusalala. Yachitatu tinathiramo makala opera. Agogo ankaonerera ali pamkeka, akuseka mpaka misozi. "Mkaka wa ng'ombe yanga lero wadya thabwa!" Penti ameneyu sakhalitsa, amafuna kumupaka tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo kafungo kake ka chambiko kamatha akauma. Koma mtundu wake! Chitseko cha khola chinasanduka chofiira modekha, chosanyezimira, ufiira wa nthaka ya kwathu, mizere ya mtengo ikuonekerabe pansi pake. Penti wa m'chitini sangakupatseni zimenezo.

Tisanapake, tinali titakhukhutiza kandulo m'makona ndi m'mphepete mwa thabwa lililonse. Pamene pali kandulo penti sagwira, ndipo akauma amasupuka mosavuta, mtengo wotuwa n'kuonekera pansi.

Zilembo zing'onozing'ono tinalemba tokha. Tinakasindikiza mawuwo pa pepala kumsika, tinapaka makala kuseri kwa pepalalo, tinaligoneka pathabwa n'kudutsa m'mphepete mwa chilembo chilichonse ndi bolopeni. Pochotsa pepala, mizere inatsala, ife n'kungodzaza ndi kaburashi. Koma zilembo zikuluzikulu tinaitanira mwini ntchito, bambo wina wachikulire amene walemba mayina a magolosale, zigayo ndi malo ometera m'dera lonselo, ndipo masiku ano ntchito ikumuchepera chifukwa cha zikwangwani zosindikiza pa kompyuta. Anafika pa njinga, maburashi ali m'chitini, m'manja muli kandodo kokulunga nsanza kunsonga kopumitsira dzanja. Anapaka choko pa chingwe, anachikoka n'kuchilekerera, thwa! Mizere iwiri yowongoka inatsala pathabwa.

Ine ndinabwera ndi rula kuti ndiwathandize kuyeza mipata. Anamwetulira. "Achemwali, zilembo sitiyeza ndi rula, timayeza ndi diso. Taonani apa. M ndi K onse aima chilili, ndiye mukawayandikizitsa amapanikizana. Koma K ndi A amasiya mphako pamwamba, ndiye amafunika kukhalirana pafupi." Anaviika burashi, anatsamiritsa dzanja pa kandodo kaja, n'kutsitsa mwendo wa M kamodzi kokha, osabwereza, mpweya ataugwira. Atamaliza zoyera, anaika mthunzi wakuda kumanzere ndi pansi pa chilembo chilichonse, mbali imodzimodzi osasintha. Mawu aja anadzuka pathabwa: MKAKA. Pansi pake tinalemba zimene agogo anatiuza: "Kale botolo tiki." Tiki anali makobiri atatu, ndalama ya masiku aja kwacha ndi tambala zisanabwere mu 1971. Mawu oti "kale" anaumirira ndi agogo, kuti thabwa lisanene bodza.

Thabwa la mkungudza linapatsidwa ulemu wa nthochi, chifukwa nthochi ndizo zinaphunzitsa amayi ndi malume sukulu. Agogo anatenga kamtengo n'kulemba pansi mmene ankalembera pa katoni: NTHOCI. Amisiri anati mwina chilembo chimodzi chaiwalika. "Sichinaiwalike, bambo. Ku mishoni anatiphunzitsa chomwecho." Ankanena zoona. Mabuku ambiri a Chinyanja a nthawi imeneyo ankalemba c pamene ife timalemba ch, monga ambiri akulemberabe ku Zambia, ndipo malamulo a kalembedwe a Chichewa Board anatuluka mu 1973. Amisiri anavula chipewa, analemba monga analamulira agogo. Thabwa la pazenera linakhala MAZIRA ALIPO. Paini wokalamba uja analandira mawu amene agogo amayankha nawo aliyense wogogoda, ODINI, LOWANI, ndi chaka cha 1964 kumapeto.

Pokalambitsa, funso linali limodzi: thabwa limeneli likanakhala pamsewu zaka makumi asanu, likanatha pati? Likanatha m'makona, m'mphepete, mozungulira mabowo a misomali, ndi m'munsi momwe mvula imathovukira. Pakati sipakutha wamba. Choncho sandipepala anadutsa m'malo amenewo okha, ndipo pa zilembo anangokhudza pang'ono kuti ukali wa penti watsopano ugone. Pomaliza tinasungunula phula la njuchi ndi mafuta pang'ono a linseed m'chitini choviika m'madzi otentha, osati pamoto penipeni, n'kupaka ndi nsanza. Phula linazamitsa mitundu yonse, ndipo limateteza penti wa mkaka ku chinyontho, ngakhale kuti zikwangwani zotere zimafunabe pansi pa denga. Nsanza za linseed tinaziyanika zotambasula, chifukwa zikaunjikana zimatha kuyaka zokha.

Pamene zikwangwani zinkauma, khonde nalo linali pa ntchito. Mutu umodzi susenza denga: anyamata anatulutsa katundu yense, atsikana anapala ndere, malume anapaka njeresa kawiri, ndipo pansi tinakwecha mpaka simenti yofiira ya agogo aamuna inatulukira. Mpando wandalema unalandira chinsalu chatsopano. Sefa wong'ambika uja sitinataye. Anapachikidwa pakhoma pamodzi ndi lichero ndi khasu lakale. Nkhuku zinamangiridwa zisa kuseri.

Tsiku lopachika, malume anali pamakwerero, ine pansi ndikuwongolera, agogo atawatsekera m'nyumba kuti asaone. ODINI, LOWANI linakwera pamwamba pa chitseko. MKAKA, lofiira ndi lalikulu, linakhala kudzanja lamanja, MAZIRA ALIPO ndi NTHOCI kumanzere, limodzi pamwamba pa linzake. Titatsegula chitseko, agogo anatuluka ndi ndodo yawo mpaka pabwalo, anatembenuka, n'kuyamba kuwerenga mokweza, thabwa ndi thabwa. Atafika pa 1964 anataya ndodo, anaimba nthungululu, n'kuyamba kuvina pafumbi pomwepo! Anansi anathamangira kudzaona chimene chagwa. Mayi wina woyandikana nafe anafunsa ngati zinthuzi zachokera ku Johannesburg. Malume anadziguguda pachifuwa. "Zachokera kuseri kwa khola langa!"

Khonde lomwe lija, limene alendo ankalilambalala, linali litayera mbee, pansi pali psuu, ndipo munthu akalowa pachipata maso ake ankathamangira komweko. Sitinawonjezepo njerwa ngakhale imodzi. Ndalama zinangopita pa paini, viniga, laimu, linseed ndi malipiro a amisiri, amene tinawapatsa mokondwa monga anatchulira.

Pa tsiku la chinkhoswe, ankhoswe a mbali zonse anakhala pakhonde pomwepo. Akuchimuna, ochokera ku Lilongwe, anatsika m'minibasi mafoni ali m'manja, ndipo wojambula zithunzi anasiya nsalu yake yamaluwa m'chikwama, chifukwa aliyense ankafuna kujambulidwa pansi pa ODINI, LOWANI. Nkhoswe yaikulu ya kuchimuna, bambo wa imvi, anaima pa chikwangwani cha mkaka n'kupisa m'thumba. "Amayi, ndipatseni mabotolo awiri, tiki wanga ndikusaka." Agogo anawayankha kuti awerenge bwino mawu oyamba, ndipo bwalo lonse linafa nacho chiseko. Kuchokera apo achikulire a mbali ziwirizo anamasukirana, n'kuyamba kukumbutsana za masitolo akale, za sitima ya pamtunda, za mitengo ya zinthu m'masiku awo. Adzukulu amene sanamvepo za tiki anakhala pansi n'kumamvetsera. Mabanja awiri osadziwana anapeza poyambira kucheza, ndipo poyambira pake panali chitseko cha khola.

Koma kusintha kwakukulu kunabwera alendo atapita. Agogo anaitana malume n'kuwalozera thabwa la mkungudza. "Apa palembedwa nthochi. Zili kuti?" Kudimba kunalibe ngakhale phata limodzi lamoyo. Matenda a chisaka, amene amafala ndi nsabwe za m'mbewu ndiponso ndi ana a nthochi odwala, anapulula nthochi za ku Thyolo, ndipo malume anali atataya mtima kalekale. Anakanda m'mutu, anayang'ana thabwa, anayang'ana amayi awo. Mvula isanagwe anazula zitsa zonse zakale monga amalangizira alangizi a zaulimi, anakumba maenje, anathira manyowa a m'khola, n'kubzala mbewu zopanda matenda. Lero masamba ake akuonekera kuchokera pakhonde. Nawonso odutsa m'njira akawerenga MAZIRA ALIPO amakhota n'kugogoda, ndipo agogo amawagulitsa okha, ndalama n'kumanga pa chitenje.

N'chifukwa chake ndikuti kwa inu amene muli ndi mudzi: musathamangire kukopera mawu a pa zithunzi za eni. Pitani kuseri kwa khola, kuchigafa, kunkhokwe yakugwa, mukapulumutse matabwa asanalowe pamoto. Khalani pamkeka ndi agogo, muwafunse chimene pakhomopo pankadziwika nacho, kaya ndi mtedza, kaya ndi zitumbuwa, kaya ndi makina osokera, ndipo mulembe chimenecho. Muitanenso mlembi wa zikwangwani wa pamsika panu, dzanja lake lisazizire. Kwathu ntchito ikupitirira: anansi ayamba kubwera ndi matabwa awo pamutu, amisiri apeza ophunzira awiri mwa anyamata a pamudzi, ndipo malume apachika ming'oma ya njuchi m'mitengo ya kudimba, chifukwa agogo anena kale kuti thabwa la uchi silikwera pakhoma mpaka atanyambita woyamba!